Mafunso a Owerenga: Dzimbiri la Kunsi kwa Galimoto M'nyengo Yozizira

Makalata ambiri amene tawalandira mwezi uno achokera m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndipo nkhani yake ndi imodzi: dzimbiri pa galimoto za 4x4 zoyenda m'misewu ya kumudzi. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ndine mlimi wa mbatata ya kachewere kuno ku Bembeke, ndipo ndili ndi pikapu ya 4x4 imene ndinaigula zaka zinayi zapitazo. Ndiyo imanditulutsira katundu kumunda kukafika naye kumsewu wa M1. Sabata yatha tayala linaphwa, ndipo nditati nditsitse la sipeya, tcheni chake chinakanirira. Nditalowa pansi, ndinagogoda chitsulo chopingasa cha kumbuyo ndi sipanala, ndipo chimene chinandigwera kumaso ndi dothi pamodzi ndi makoko a dzimbiri aakulu ngati chikhadabo. Anzanga akuti kuzizira kwa kuno ndiko kukudya galimotoyi, ndipo andilangiza kuti ndiipake penti yakuda ya phula kunsi konse mwezi uno usanathe. Kodi akunena zoona?
Wowerenga wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Bambo, anzanuwo aona chinthu chenicheni, koma mlandu aupereka kwa wosalakwa. Kuzizira pakokha sikudya chitsulo, ndipo nkhwangwa youma bwino mutaisunga m'nyumba yozizira motani ikhoza kutha zaka isanasinthe mtundu. Dzimbiri limayamba pamene chitsulo chopanda chochitchinga chakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo limakula malinga ndi kutalika kwa nthawi imene chitsulocho chakhala chili chonyowa. Apa ndi pamene nyengo ya kwanu ikulowera m'nkhaniyi. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye chifunga chimagona m'mapiri, mame amakhalitsa paudzu mpaka dzuwa litakwera, pomwe dzuwalonso limakhala lopanda mphamvu. Matope amene analowa m'galimoto yanu mu Januwale ndi Febuluwale, omwe ku Golomoti kapena kuchigwa cha Bwanje akadauma kalekale, kwanuko amamwa chinyezi usiku uliwonse n'kuchisunga tsiku lonse ngati chinkhupule. Dzimbiri mwalionalo ndi mwana wa dzinja, nyengo yozizira yangomulera.

Mbiri yoti nyengo yozizira imawononga galimoto inachokera kumayiko kumene kumagwa chipale chofewa, monga Britain, Canada, kumpoto kwa United States ndi kumpoto kwa Japan. Kumeneko amathira mchere m'misewu pofuna kuti madzi asaundane, ndipo madzi amchere amafulumizitsa dzimbiri kwambiri kuposa madzi a mvula. Mphamvu ya mchere umenewu si yamasewera: m'chaka cha 2016 kampani ya Toyota inavomera ku United States mgwirizano wa ndalama zofika madola 3.4 biliyoni wokhudza galimoto pafupifupi 1.5 miliyoni za mitundu ya Tacoma, Tundra ndi Sequoia, pa nkhani ya dzimbiri la chasisi, chomwe ndi chimango chachitsulo cha kunsi chimene chimanyamula galimoto yonse. Kuno kwathu palibe amene amathira mchere pamsewu, choncho mdani wathu ndi matope, ndipo ubwino wake ndi wakuti matope amachoka ndi madzi.

Galimoto monga Hilux, Land Cruiser, Nissan Patrol, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max zimamangidwa pa chasisi yooneka ngati makwerero, ndiko kunena zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa. Mbali zambiri za zitsulo zimenezi ndi zamphako m'kati ngati nsungwi, ndipo zili ndi mabowo m'mbali komanso timabowo tapansi totulutsira madzi. Mukamawoloka mtsinje kapena chithaphwi, madzi amatope amalowa m'mabowomo. Madziwo amakhetseka, koma dothi limatsalira, n'kutseka timabowo tapansi tija. Chaka chotsatira dothi lina limasanjikizika pamwamba pa loyambalo. N'chifukwa chake chasisi imaola kuyambira m'kati, ndipo makoko amene akuonekera kunja nthawi zambiri amakhala akungoulula zimene zakhala zikuchitika m'katimo kwa zaka.

Tsopano za penti ya phula. Musaipake, bambo, kufikira mutachita zimene ndifotokoze m'munsimu, chifukwa phula lopakidwa pamwamba pa dzimbiri ndi dothi limatsekera chinyezi m'kati, ndipo chitsulo chimapitiriza kudyeka pamalo pamene diso silingaone. Ine ndinaonapo pa galaja ina galimoto imene kunsi kwake kunali kwakuda bii, konyezimira ngati yangotuluka kumene kufakitale, koma makaniko atabaya pafupi ndi pomangirira masipuling'i a kumbuyo, sikuludilaiva inangolowa ngati akubaya dzungu lophika. Chinali chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwini wake anali atanyamulamo anthu dzulo lake.

Ntchito yoyamba ndi kutsuka, ndipo ndiyo ntchito yaikulu pa zonse ngakhale kuti ndiyo yotsika mtengo. Tsitsani tayala la sipeya, masulani mbale zotchinga kunsi kwa injini ngati zilipo, kenaka tengani waya wolimba mutokose timabowo tonse tapansi pa chasisi, pansi pa zitseko ndi pansi pa chitseko cha kumbuyo. Lowetsani paipi ya madzi m'bowo lililonse la chasisi ndipo musaichotse kufikira madzi otuluka atayera; pa galimoto imene sinatsukidwepo motere, mudzadabwa kuona madzi ofiira ngati katondo akutuluka kwa nthawi yaitali, nthawi zina pamodzi ndi timiyala ndi udzu. Pisaninso dzanja m'mphepete mwa malo amene matayala amazunguliramo, pamwamba pa thanki ya mafuta ndi pakati pa masipuling'i, poti amenewa ndi malo amene anyamata otsuka galimoto safikako pokhapokha mutaima pomwepo n'kuwalozera. Ngati kwanu kulibe madzi a paipi, ndi bwino kulipira pamalo otsukira galimoto pamene pali makina opopa madzi mwamphamvu kusiyana ndi kukaimika galimoto mumtsinje umene anthu ndi ziweto amamwa.

Mukatsuka, galimoto iume, ndipo apa m'pamene anthu a ku Dedza ayenera kudekha kuposa anzawo a kuchigwa. Tsukani m'mawa dzuwa litatuluka, yendani nayo mtunda wautali pa tala kuti mphepo ndi kutentha kwa injini zithandize, ndipo muipatse masiku awiri kapena atatu ikugona pamalo ofoleredwa. Kutsukako chitani lero lomwe, koma ngati chasisi ndi yolimba, ntchito yopaka mukhoza kuidikirira mpaka Seputembala kapena Okutobala, pamene kunja kumauma gwa ndipo penti imagwira bwino, malinga ithe mvula isanayambe.

Ikauma, tengani hamala yaing'ono muyende nayo chasisi yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, pamene chodyeka chimangoti phu, ndipo nthawi zina chimabonyoka. Pamene pali dzimbiri lofiira lapamwamba chabe, palani ndi bulashi ya waya ndi sandipepa, mutavala magalasi oteteza maso. Pamene pali makoko, gobani onse kufikira mutapeza chitsulo cholimba, kenaka pakani mankhwala ophera dzimbiri amene amagulitsidwa m'masitolo a penti ndi dzina loti rust converter. Ambiri amakhala ndi asidi wa phosphoric kapena wa tannic, ndipo mudzadziwa kuti agwira ntchito dzimbiri lotsalira likada. Pamwamba pake ipite penti yoyambira, kaya red oxide imene owotcherera zitsulo amaidziwa bwino kapena ya zinki, kawiri, ndipo penti yakuda ija ibwere pomalizira penipeni. Koma pamene hamala yaboola, makamaka pafupi ndi pomangirira masipuling'i, mashoko, chiwongolero kapena bode, penti ilibenso ntchito. Pamenepo pafunika wowotcherera wodziwa za galimoto adule chitsulo chonse chovunda n'kuikapo chatsopano chochindikala mofanana, batire itamasulidwa ndipo thanki ndi mapaipi a mafuta zitatalikitsidwa ndi moto. Chigamba chongomata pamwamba pa chovunda chimangosangalatsa maso.

Muli pansi pomwepo, tsatirani ndi chala timapaipi tachitsulo ta mabuleki, makamaka pamene tagwiridwa ndi zopanira ndi pamene tadutsa pamwamba pa thanki. Ngati tili ndi zipsera zokumbika, sinthani osati kupaka, chifukwa kapaipi kotere kamaphulika pamene mwaponda buleki mwamphamvu, ndipo aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti atasenza katundu akudziwa tanthauzo lake. Ndikupempheninso kuti musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha kapena pa njerwa.

FUNSO: Akonzi, pikapu yanga inagulidwa yatsopano m'dziko momwe muno ndipo sinayendepo pamsewu wa mchere, koma pansi pa malo onyamulira katundu paboola m'makona awiri a kutsogolo, pamene chasisi ili bwinobwino. Ndinayalapo mphira wochindikala kuti ndipateteze. Chachitika n'chiyani?
Wowerenga wa ku Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Bambo, ndikuganiza kuti galimotoyi imanyamula feteleza, monga zimachitira pafupifupi pikapu zonse za ku Lizulu. Ngati ndi choncho, mchere umene mukuti galimoto yanu sinaupondepo mwakhala mukuukweza nokha ndi manja. Feteleza wa NPK ndi CAN ndi mitundu ya mchere, ndipo pamodzi ndi Urea amakoka chinyezi cha mumpweya mpaka kusungunuka, monga mmene thumba losiyidwa losamanga limanyowera lokha. Timibulu tochepa totayika m'thumba lobooka timagubuduka kupita m'makona, timalowa pansi pa mphira, ndipo usiku umodzi wa chifunga ndi wokwanira kutisandutsa madzi oluma amene sangaume chifukwa mphira wawavundikira. Manyowa, mkodzo wa mbuzi ndi nkhumba zopita kumsika, ndiponso madzi ochucha m'madengu a nsomba zimachita chimodzimodzi.

Mabowowo adulidwe n'kuwotchereredwa, kenaka apakidwe monga ndafotokozera wowerenga wa ku Bembeke. Mphirawo musautaye poti umateteza penti kuti isakalike, koma muziuchotsa tsiku lililonse limene mwanyamula feteleza kapena ziweto, n'kutsuka pansipo ndi madzi ambiri, osati kungosesa. Muziyala pepala lapulasitiki lolimba musanakweze matumba, ndipo poimika galimoto usiku, kutsogolo kuzikhala kokwererapo pang'ono kuti madzi azitulukira kumbuyo m'malo mosonkhana m'makona a kutsogolo amene akuboolaniwo.

FUNSO: Bambo anga ankathira oyilo wakutha wa mu injini kunsi kwa galimoto yawo chaka chilichonse, ndipo inakhala zaka zambiri. Mwana wanga amene akuphunzira umakaniko akuti ndisiye. Ndimvere ndani?
Wowerenga wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Onse awiri ali ndi mfundo, bambo, ndipo sindingatsutse malemu kapena akuluakulu pa chinthu chimene maso amaona. Yang'anani pansi pa galimoto iliyonse yodontha oyilo: pamene oyiloyo amafika sipachita dzimbiri, chifukwa mafuta amathamangitsa madzi ndipo amalowerera m'ming'alu mmene penti singafike. Pa mbali iyi yokha, oyilo amaposa phula.

Komabe mwana wanu ndiye ndingamutsatire. Oyilo amene wagwira ntchito mu injini amakhala ndi mwaye, tizidutswa tazitsulo ndi asidi, ndipo achipatala amachenjeza kuti kumugwiragwira ndi manja kwa nthawi yaitali kukhoza kuyambitsa khansa ya pakhungu. Amafewetsa ndi kutupitsa mphira wa mabushi ndi zomangira bode, amadontha pabwalo pamene ana amasewera, ndipo mvula yoyamba imamukokolola kupita kumadimba kumene mukulima kabichi ndi tomato. Akafika pa mabuleki galimoto siimanso bwino, ndipo akagwera pa ekizozi yotentha amafuka, mwinanso kuyaka. Pa misewu ya fumbi ngati ya ku Tsangano palinso vuto lina, loti fumbi limamatirira pa oyiloyo n'kupanga chikhungwa chimene chimabisa ming'alu ya chasisi.

Chimene chinapangidwira ntchito imeneyi ndi sera yamadzimadzi yopopera m'kati mwa chasisi, m'zitseko ndi m'malo ena amphako, monga ya maina a Waxoyl, Dinitrol ndi Tectyl, komanso mankhwala opangidwa kuchokera ku mafuta a ubweya wa nkhosa otchedwa lanolin. Amapopera ndi kapaipi kakatali kolowa m'mabowo a chasisi yotsukidwa ndi youma, ndipo m'mawa wozizira wa kwanuko muyenera kuviika chitini cha serayo m'ndowa ya madzi otentha kaye, apo ayi sera imalimba n'kumatuluka mabulumabulu osafalikira. Mankhwalawa sapezeka pa sitolo iliyonse ndipo mtengo wake ndi wokwera, choncho ngati thumba silikulola, oyilo watsopano pang'ono wothiridwa m'kati mwa chasisi mokha, ndi girizi pa mabawuti, pa tcheni cha sipeya ndi pomangirira masipuling'i, zimathandiza ndithu. Muzibwereza chaka ndi chaka mvula isanagwe, chifukwa madzi a m'zithaphwi amazitsuka.

FUNSO: Ndikufuna kuitanitsa galimoto ya 4x4 yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan kapena ku Britain. Pazithunzi zonse zikuoneka zokongola. Ndingadziwe bwanji kuti ilibe dzimbiri ndisanatumize ndalama?
Wowerenga wa pa Dedza boma

YANKHO: Achimwene, zithunzi za m'mbali ndi za mipando sizikuuzani kanthu pa nkhani imeneyi, choncho pemphani zithunzi za kunsi, galimoto itakwezedwa, zoonetsa chasisi pafupi ndi matayala a kumbuyo, chitsulo chopingasa cha kumapeto ndi pamwamba pa sipeya. Wogulitsa amene akuzengereza kukutumizirani wakuyankhani kale. Kunsi kwakuda kopakidwa kumene pa galimoto ya zaka khumi kukuchititseni mantha kuposa kunsi kwa dzimbiri lapamwamba looneka poyera.

Pa galimoto za ku Japan, funsani pepala la pa okishoni, limene limakhala ndi chithunzi chojambulidwa cha galimoto ndi zilembo zosonyeza zilema zake. Chilembo cha S chimaimira dzimbiri, pamene cha C chimaimira kudyeka kwa chitsulo, chomwe ndi choopsa kwambiri. Funsaninso chigawo chimene galimotoyo inkayenda. Madera monga Hokkaido, Aomori, Akita ndi Niigata kumagwa chipale chochuluka ndipo misewu yake imathiridwa mchere, komanso kumeneko n'kumene anthu ambiri amagula galimoto za 4x4. Chilumba cha Okinawa n'chotentha, koma mphepo yake ya kunyanja imadya zitsulo. Ku Britain zinthu n'zosavuta, chifukwa mbiri ya mayeso a chaka ndi chaka otchedwa MOT, ofanana ndi COF ya kuno, imapezeka mwaulere pa intaneti mukalemba nambala ya galimotoyo, ndipo mumawerenga nokha ngati oyesa analembapo za dzimbiri la chasisi kapena la mapaipi a mabuleki.

Ngati mtima wanu uli pa Land Rover Defender yakale, musanyengeke ndi mawu akuti siichita dzimbiri chifukwa ndi ya aluminiyamu. Zambiri za kunja kwake n'zoona kuti ndi aluminiyamu, koma chasisi, khoma la pakati pa injini ndi dalaivala, komanso mafulemu a zitseko ndi zachitsulo, ndipo pamene zitsulo ziwirizi zakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu imadyeka n'kusanduka ufa woyera umene umatupitsa penti. Iliyonse imene mungagule, ikangofika kuchokera ku doko la Dar es Salaam kapena Durban, muitsuke kunsi tsiku lomwelo, poti yakhala masabata pa sitima ndi padoko ikupuma mphepo yamchere.

FUNSO: Amuna anga anatisiya chaka chatha ndipo galimoto yawo sinditha kuiyendetsa. Ndinaiimika paudzu kuseri kwa nyumba, ndinaifunditsa tenti, ndipo mlamu wanga amailiza mphindi zisanu Lamulungu lililonse kuti isafe. Tsopano ekizozi yabooka ndipo m'kati mukumveka fungo la nkhungu. Ndalakwitsa pati?
Mayi wa pa Ntcheu boma

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi zovuta zimene zinakugwerani. Zonse mwachitazi mwazichita ndi mtima wosamala, koma zitatu mwa izo zikuipweteka galimotoyo. Udzu ndi dothi zimatulutsa chinyezi usiku wonse, tenti yofika pansi imachitsekera kuti chisathawe, ndipo galimoto imakhala ngati ili mumphika wovundikira. Kuiliza mphindi zisanu nakonso kumaononga, chifukwa lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo dizilo nayenso amatero. Ekizozi ikapanda kutentha mokwanira, nthunziyo imasanduka madzi amene amatsalira m'kati n'kuiboola kuchokera momwemo.

Isunthireni pa simenti kapena pa miyala yoyalidwa, pansi pa denga lopanda makoma ngati n'kotheka, ngakhale chisakasa chaudzu. Ngati tenti ndiyo ilipo yokha, ikhale pamwamba osafika pansi, kuti mphepo izidutsa. Tulutsani makapeti onse muwayanike, ndipo pisani dzanja pansi pake muone ngati thonje lake lanyowa. Alamu anuwo muwapemphe kuti m'malo moiliza Lamulungu lililonse, aziiyendetsa kwa theka la ola kamodzi pa masabata awiri, malinga ngati mapepala ake ali m'malo, kuti ekizozi iume ndi mabuleki apalike. Aonenso mu ladiyeta, ndipo ngati muli madzi wamba a pamjigo ofiira ndi dzimbiri, awakhuthule n'kuthiramo kulanti, mankhwala oziziritsa injini, wosakanizidwa monga zalembedwera pachigubu chake. Pobwerera nayo pakhomo asakoke handibuleki, poti m'nyengo yachinyezi mabuleki a kumbuyo amamatirira. Aisiye mu giya, pamalo athyathyathya, n'kuika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala.